Dubai Ikumangira Ndani? Lendi ndi Antchito Obwera Opeza Pakatikati

Pakati pa 2021 ndi 2025 mzinda wa Dubai unakula mothamanga kwambiri. Kumapeto kwa 2020 unali ndi anthu pafupifupi 3.4 miliyoni, ndipo mu 2025 anthuwo anakwana 4 miliyoni. Mwa anthu khumi alionse, pafupifupi asanu ndi anayi ndi obwera, ochokera ku India, Pakistan, Philippines, Egypt, Britain, Russia, ngakhalenso ku Kenya, Uganda ndi South Africa. Nkhani za mzindawu zimakonda kunena za magulu awiri: mpondamatiki wogula nyumba pa chilumba cha Palm Jumeirah, ndi mmisiri womanga amene amagona m'zithando za ku Sonapur. Pakati pa awiriwa pali khamu lalikulu la aphunzitsi, anamwino, owerengera ndalama, mainjiniya, ogwira ntchito m'ndege ndi m'mabanki. Ambiri mwa anthu amenewa salandira nyumba kwa bwana ngati mmisiri uja, komanso alibe chuma chogulira nyumba. Amachita lendi, ndipo lendiyo imachoka pa malipiro awo. Malinga ndi kampani ya CBRE, yomwe imatsata mitengo ya nyumba, lendi inakwera ndi pafupifupi 27 peresenti mu 2022, n'kukweranso ndi pafupifupi 20 peresenti mu 2023, pamene malipiro a ambiri ankangowonjezeredwa ndi maperesenti owerengeka pachaka. Mfundo yanga ndi yakuti vutoli silikuchokera pa kuchuluka kwa anthu kokha. Gwero lake ndi lakuti mzindawu umamanga nyumba poganizira wogula, pamene munthu wokhalamo umamutenga ngati wongodutsa, choncho mitengo ikasuntha, amene amamva ululu wonse ndi wochita lendi.

Zimene zinakoka anthu n'zodziwika, ndipo zambiri mwa izo boma linazichita dala. Dubai inatsegula zipata zake kwa alendo mu July 2020, maiko ambiri akadali otseka chifukwa cha mliri wa Covid-19. Mu October chaka chomwecho inayamba kupereka viza kwa anthu ogwirira ntchito makampani akunja kudzera pa intaneti. Chionetsero cha Expo 2020 chinachitika kuyambira October 2021 mpaka March 2022. Nkhondo itabuka ku Ukraine mu February 2022, anthu ambiri a ku Russia anasamutsira chuma chawo ku Dubai, ndipo anakhala m'gulu la ogula nyumba kwambiri. Viza ya zaka khumi, yomwe inayamba mu 2019, inafewetsedwa mu 2022 kuti aliyense wogula nyumba ya madirham 2 miliyoni athe kuipeza. Alendo odzacheza anaposa 18 miliyoni mu 2024, ndipo eni nyumba ena anaona kuti kubwereketsa fulati kwa masiku ochepa kudzera pa Airbnb kumapindulitsa kuposa kusunga banja limodzi chaka chathunthu. Mfundo zonsezi zinakwaniritsa cholinga chake: zinabweretsa anthu ndi ndalama. Koma taonani kuti pafupifupi iliyonse inali yoitana munthu wokhala kale ndi chuma. Namwino wolandira malipiro a ku Dubai anapezeka akulimbirana fulati ndi munthu wolandira malipiro a ku London kapena wobwera ndi chuma cha ku Moscow.

Wina anganene kuti pamenepa mankhwala ake ndi kumanga basi, ndipo palibe mzinda wodziwa kumanga kuposa Dubai. N'zoona kuti amamanga, koma tiyenera kufunsa kuti akumanga zotani, ndiponso akumangira ndani. Kuyambira mu 2002, pamene Sheikh Mohammed bin Rashid Al Maktoum analola anthu akunja kugula nyumba m'madera osankhidwa, malonda a nyumba anasanduka mzati wa chuma cha mzindawu. Nyumba zambiri zimagulitsidwa zisanamangidwe: wogula amaona pulani, n'kumalipira pang'onopang'ono, ndipo ndalama zakezo n'zimene womanga amamangira. Choncho womanga amamvera zofuna za wogula, yemwe nthawi zambiri sadzagonamo ngakhale usiku umodzi. Wogula wotereyu amafuna kafulati ka chipinda chimodzi kosavuta kugulitsanso, kapena nyumba yapamwamba ya m'mbali mwa nyanja. Fulati ya zipinda ziwiri kapena zitatu, yopanda zokongoletsa zambiri, yoyandikana ndi sukulu ndi siteshoni ya sitima, ndiyo banja la mphunzitsi likufuna, koma siyo imene imabweretsa phindu lalikulu pa malo odula. Boma nalo lili mkati mwa malondawa. Nthambi yoona za malo, Dubai Land Department, imatolera 4 peresenti pa nyumba iliyonse yogulitsidwa. Boma lili ndi gawo lalikulu mu kampani yomanga ya Emaar, ndipo Nakheel, yomwe inamanga Palm Jumeirah, inalowa pansi pa Dubai Holding mu 2024. Mitengo ikakwera, woyang'anira msika nayenso amapindula, ndipo zimenezi zimachedwetsa mtima wofuna kuiziziritsa.

Kulemera kwa lendi sikuonekera pa mtengo wokha. Kumaonekeranso pa kalipiridwe kake. Ku Dubai lendi imawerengedwa pachaka, ndipo mwambo wake ndi wakuti wochita lendi amalemberatu macheke a chaka chonse, amodzi, awiri kapena anayi, n'kuwasiya m'manja mwa mwininyumba. Wolipira cheke chimodzi amachotseredwa mtengo, wopempha macheke ambiri amawonjezeredwa, kutanthauza kuti wosowa ndalama ndiye amalipira zambiri. Tiyerekeze fulati ya madirham 100,000 pachaka, ya macheke anayi. Munthu asanalandire makiyi ayenera kutulutsa 25,000 ya cheke choyamba, 5,000 ya chikole, 5,000 ya ejenti, 2,000 ya chikole cha magetsi ndi madzi ku DEWA, kuphatikizapo ndalama yolembetsera mgwirizano wake mu kaundula wa boma wotchedwa Ejari. Zonse pamodzi zikupitirira pang'ono 37,000, zomwe kwa munthu wolandira 20,000 pamwezi ndi malipiro a pafupifupi miyezi iwiri. Pamwamba pa izi, bilu ya DEWA imabwera mwezi uliwonse ndi msonkho wa nyumba wokwana 5 peresenti ya lendi yapachaka, womwe umakwera lendi ikakwera. N'chifukwa chake ambiri amatenga ngongole kubanki kuti alipire lendi, ndipo amayamba chaka ali kale ndi chiwongoladzanja pamutu. Ndalama zolowera m'nyumba yatsopanozi zimamanganso munthu miyendo: ngakhale mwininyumba amufinye, kusamuka kumadula kuposa kupirira.

Si kuti malamulo oteteza wochita lendi kulibe. Alipo, ndipo papepala ndi abwino. Lamulo la 2013 limamangirira kukweza lendi pa mtengo wapakati wa dera, womwe bungwe la boma loyang'anira msika wa nyumba la RERA limalengeza. Ngati lendi ya munthu ili yotsika ndi 10 peresenti kapena kucheperapo poyerekeza ndi mtengo wapakatiwo, mwininyumba saloledwa kukweza. Ikatsika ndi 11 mpaka 20 peresenti angakweze ndi 5 peresenti, ndipo malirewo amakwera mwa masitepe mpaka 20 peresenti. Kusintha kulikonse kumafuna chidziwitso cha masiku 90. Kutulutsa munthu pofuna kugulitsa nyumba, kuigwetsa, kuikonza kwambiri kapena kukhalamo mwini wake kumafuna chidziwitso cha miyezi 12 chodzera kwa mlembi wa zamalamulo kapena pa kalata yolembetsedwa. Komabe chitetezo chonsechi chimakhudza mgwirizano wopitirira wokha. Wolowa kumene amalipira mtengo uliwonse umene msika wafika. Tiyerekeze banja lolipira 80,000 m'dera lomwe mtengo wapakati ndi 100,000. Lamulo likulola mwininyumba kufika pa 84,000 basi, chonsecho akudziwa kuti munthu watsopano angamupatse 115,000. Kusiyana kumeneku ndiko kumabala makalata onena kuti nyumba ikugulitsidwa kapena kuti mwana wa mwininyumba akufuna kukhalamo. Lamulo limaletsa wotulutsa munthu ponamizira kukhalamo yekha kuchititsanso lendi nyumbayo zisanathe zaka ziwiri, ndipo wolakwiridwa angathe kukasuma ku bwalo la milandu ya lendi. Koma kusuma kumafuna 3.5 peresenti ya lendi yapachaka, nthawi, ndi umboni woti munthu amene wasamukira kale kutali akautole yekha. Komanso mtengo wapakati uja umatsatira msika: utasinthidwa mu March 2024, ndiponso pamene kaundula watsopano wowerengera nyumba iliyonse payokha anayamba mu January 2025, ambiri amene anali otetezeka anapezeka kuti lamulo lomwelo likulola kuwakwezera. Lamuloli limachedwetsa kukwera, silikuletsa.

Zotsatira zake zimaoneka pa msewu m'mamawa. Banja limene linkakhala ku Dubai Marina limasamukira ku Jumeirah Village Circle. La kumeneko limapita ku Dubai South kapena ku International City. La ku Al Qusais limawoloka malire kupita ku Sharjah kapena ku Ajman. Aliyense wosamuka amakankha wina wopeza zochepa kuposa iye, ndipo lendi ya madera otchipawo imakwera nayonso. Kuchoka ku Al Nahda ya ku Sharjah kufika pakati pa Dubai si mtunda wautali, koma nthawi yopita kuntchito galimoto zimakwawa pa msewu wa Al Ittihad kwa ola lathunthu kapena kuposerapo, moti makolo amadzutsa ana kusanache n'kumawadyetsa m'galimoto. Ndalama zimene banja lapulumutsa pa lendi zimathera pa mafuta ndi pa zipata zolipiritsa za Salik, zomwe zinawonjezeredwa ziwiri mu November 2024, ndipo kumayambiriro kwa 2025 zinayamba kudula madirham 6 nthawi ya piringupiringu. Amene sangathe kusamuka amagawana fulati, kapena kuchita lendi kachipinda kodulidwa ndi matabwa m'chipinda chochezera. Mu June 2025 akuluakulu a mzinda anayamba kugwetsa tizipinda totere ku Deira, Al Satwa ndi Al Barsha chifukwa cha kuopsa kwa moto. Chifukwacho n'chomveka, koma anthu ogona m'menemo sanachite kusankha moyo umenewo mwa kukonda. Komanso wopanda mgwirizano wolembetsedwa mu Ejari sangaitanitse mkazi kapena ana ake pa viza ya banja. Motero lendi ikakwera, mabanja ena amagawikana, mayi ndi ana kubwerera ku Kerala kapena ku Manila, bambo n'kutsala yekha.

Chotsutsa choyamba chimene chimamveka kawirikawiri ndi chakuti anthuwa akudandaula ali pabwino: salipira msonkho pa malipiro, amalandira zoposa za kwawo, ndipo pali ena ovutika kwambiri kuposa iwo. Mbali yomalizayi ndi yoona, ndipo mmisiri wa ku Sonapur ali ndi madandaulo olemera kuposa a mphunzitsi. Koma kuvutika kwa mmisiri sikupepukitsa lendi ya mphunzitsi, ndipo awiriwa akupsinjidwa ndi msika umodzi. Za msonkho nazo zili ndi mbali ina. Kumene anthu amalipira msonkho, msonkhowo umawabwezera sukulu, chipatala ndi penshoni. Ku Dubai wobwera amalipira yekha sukulu ya ana ake, pakuti pafupifupi onse amaphunzira m'sukulu zolipira. Bwana amakakamizidwa ndi lamulo kumugulira inshuwalansi ya chipatala iyeyo, koma ya mkazi ndi ana nthawi zambiri imatuluka m'thumba mwake. M'malo mwa penshoni amalandira ndalama yotsanzikana nayo, yowerengedwa pa masiku 21 a malipiro pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba ndi masiku 30 pa zaka zotsatira, ndipo imawerengedwa pa malipiro enieni okha, osaphatikiza alawansi ya nyumba. Choncho ndalama imene imatsala munthu akalipira lendi si yodyera; ndiyo penshoni yake, ndiyo fizi ya abale kumudzi, ndiyo chifukwa chimene anachokera kwawo. Lendi ikadya gawo limeneli, munthu amagwira ntchito zaka khumi kunja n'kubwerera chimanjamanja.

Chotsutsa chachiwiri ndi champhamvu kuposa choyamba. Chimati msika wa Dubai umakwera n'kutsika, choncho wochita lendi angodekha. Mbiri ikuvomereza. Mu 2008 ndi 2009 mitengo ya nyumba inagwa ndi theka, kampani ya boma ya Dubai World inapempha mu November 2009 kuti iyambe yaima kubweza ngongole zake, ndipo Abu Dhabi ndiyo inapulumutsa zinthu ndi madola 10 biliyoni. Kuyambira 2014 mpaka 2020 mitengo ndi lendi zinatsikanso kwa zaka zisanu ndi chimodzi, moti gawo lina la kukwera kwa 2022 linali kungobwerera pamene zinthu zinali kale. Mu May 2025 bungwe la Fitch linachenjeza kuti mitengo ingatsike mpaka ndi 15 peresenti chifukwa cha nyumba zambiri zimene zikumalizidwa. Koma tiyenera kuona kuti lendi imatsika nthawi iti. Mu 2009 ndi mu 2020 inatsika chifukwa anthu anachotsedwa ntchito n'kukwera ndege. Viza ya wantchito imadalira ntchito yake. Ntchito ikatha amakhala ndi miyezi yochepa yopezera ina, ndipo inshuwalansi ya otha ntchito yomwe inayamba mu 2023 imangopereka 60 peresenti ya malipiro enieni kwa miyezi itatu. Ndiye kuti nthawi ya chuma chabwino wochita lendi amalipira zambiri, nthawi ya chuma choipa amachoka, ndipo lendi yotsikayo amadzaidyerera wina. Kuuza banja kuti lidikire kugwa kwa msika n'kuliuza kuti lidikire tsoka limene lingayambe kugwera ilo lomwelo.

Ena amati yankho n'kugula nyumba m'malo mochita lendi, ndipo ambiri achitadi zimenezo atatopa ndi makalata a eni nyumba. Koma khomo limeneli ndi lopapatiza. Malamulo a banki yaikulu amafuna kuti wobwera atulutse yekha 20 peresenti ya mtengo wa nyumba yake yoyamba, kuphatikizapo 4 peresenti ya boma ndi 2 peresenti ya ejenti. Pa fulati ya madirham 1.5 miliyoni, imeneyo ndi 390,000 yapamanja, ndalama imene munthu wothera gawo lalikulu la malipiro pa lendi sangaisunge msanga. Popeza dirham inamangiriridwa ku dola ya ku America pa 3.67, chiwongoladzanja cha ku Dubai chimatsata cha ku Washington, choncho pamene America inakweza chiwongoladzanja kupitirira 5 peresenti mu 2023, ngongole zogulira nyumba zinadula pa nthawi yomwe lendi inkakwera kwambiri. Wogula ndi ndalama zapamanja sanamve kanthu. Ndipo ngakhale amene wakwanitsa, akusenza ngongole ya zaka 25 m'dziko limene viza yake ya ntchito ndi ya zaka ziwiri, pa msika umene unagwapo kawiri pa zaka zosakwana makumi awiri.

Chotsutsa chozama kwambiri ndi chakuti dziko lili ndi udindo kwa nzika zake, osati kwa alendo. Mbadwa za Dubai zimathandizidwa malo, nyumba ndi ngongole zofewa kudzera ku Mohammed bin Rashid Housing Establishment, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Dongosolo lonse la ntchito za obwera linamangidwa pa maganizo akuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma maganizowa sakugwirizananso ndi zimene zilipo, ngakhale ndi zimene boma lenilenilo likufuna. Muli mabanja a ku India ndi ku Pakistan amene akhala ku Karama ndi ku Bur Dubai kwa mibadwo iwiri kapena itatu. Pulani ya mzinda ya 2040 ikuyembekezera anthu 5.8 miliyoni, ndipo ndondomeko ya D33 yomwe inalengezedwa mu 2023 ikufuna kuchulukitsa chuma kawiri pofika 2033. Anthu owonjezerawo sadzakhala mbadwa, ndipo ambiri sadzakhala olemera. Sukulu imene aphunzitsi ake amasintha zaka ziwiri zilizonse, kapena chipatala chimene anamwino ake ozolowera ntchito akusamukira ku Britain, Canada ndi Australia kumene angadzakhale nzika, zimataya luso limene ndalama sizigula msanga. Obwerawa savota ndipo mabungwe a antchito saloledwa, choncho njira yokhayo yosonyezera kusakondwa ndi kunyamuka. Boma lanzeru liyenera kumva dandaulolo anthu asanamange katundu.

Kodi tinene kuti boma lingoimitsa lendi, monga Saudi Arabia inachitira ku Riyadh mu September 2025 poletsa kukweza kwa zaka zisanu? Otsutsa amanena zoona kuti kuimitsa mitengo kwa nthawi yaitali kumafooketsa omanga, kumakondera amene ali kale m'nyumba, ndipo kumakulitsa kusiyana kuja kumene kumabala makalata achinyengo. Sindikuona kuti imeneyo ndiyo njira yabwino koposa. Zilipo zina zimene Dubai ingathe mosavuta kuposa mizinda yambiri, chifukwa malo, makampani omanga ndi malamulo zili m'dzanja limodzi. Yoyamba ndi kumanga nyumba za lendi zoti zisagulitsidwe. Boma lili kale ndi makampani ochititsa lendi monga wasl, ndipo mu March 2025 linapatula malo omangapo nyumba zotsika mtengo zoposa 17,000. Chiyambi chimenechi n'chabwino, koma mzinda wolandira anthu oposa 150,000 pachaka ukufunika zochuluka, ndipo zikhale pafupi ndi sitima, makamaka njanji yatsopano ya Blue Line yomwe ikuyembekezeka kutsegulidwa mu 2029 kudzera ku International City ndi Silicon Oasis. Yachiwiri ndi kupatsa wochita lendi ufulu wolipira mwezi ndi mwezi popanda kumuwonjezera mtengo, pakuti malipiro amabwera pamwezi. Yachitatu ndi migwirizano ya zaka zingapo yokhala ndi mtengo wodziwikiratu. Ku Sharjah lamulo limaletsa kale kukweza lendi m'zaka zitatu zoyamba. Yachinayi ndi yakuti kaundula wa Ejari azigwira yekha mwininyumba amene watulutsa munthu n'kulembetsa wina zaka ziwiri zisanathe, m'malo mosiyira wotulutsidwayo ntchito ya upolisi.

Njira zonsezi zili ndi mtengo wake. Malo operekedwa ku nyumba za lendi yotsika ndi malo amene akanagulitsidwa modula, ndipo eni nyumba ena angaone kuti phindu lawo lachepa. Apa m'pamene pali chisankho chenicheni, ndipo n'chisankho cha boma, osati cha msika. Kwa zaka zoposa makumi awiri Dubai yakhala ikuyeza kupambana kwake poona nyumba zimene zagulitsidwa ndi ndalama zimene zalowa. Muyezo wina umene ukufunika tsopano ndi wakuti: kodi namwino wa pa chipatala cha Rashid, wokhala ndi mwamuna ndi ana awiri, angapeze fulati yosadya zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro a banjalo, pamalo oti akafike kuntchito pasanathe theka la ola, n'kudziwa kuti chaka chamawa adzakhala momwemo? Yankho likakhala ayi kwa zaka zambiri, mzindawu udzapitiriza kukopa ogula, koma anthu oyendetsa sukulu, zipatala ndi maofesi ake azidzabwera ndi cholinga chochoka msanga, ndipo ntchito zimene olemerawo anadzera zidzayamba kulowa pansi. Kusamalira wochita lendi ndi chilungamo kwa munthu amene wapereka zaka zake zamphamvu ku mzindawu, komanso ndi njira yotetezera chuma cha Dubai yeniyeniyo.